Kulondola mapazi a mbidzi za m'mapiri

Munthu aliyense amene anawetapo ng'ombe amadziwa kuti msipu sukhala malo amodzi chaka chonse. M'dzinja ng'ombe zimadya m'mbali mwa mapiri kutali ndi minda, anthu akakolola zimalowa m'mapesi, ndipo ikafika Okutobala abusa amalawirira nazo kudambo kumene kwatsala kaudzu kauwisi ndi madzi. Tsono taganizani, owerenga athu, munthu wina atabwera n'kumanga mpanda wa waya pakati pa khola lanu ndi dambo lija. Ng'ombe sanakubereni ngakhale imodzi, dambo nalo lili pomwe lija, koma mvula isanagwe khola lanu likhoza kutsala lopanda kanthu.

Tsoka lotereli ndi limene lakhala likugwera nyama ina yakutchire imene ambiri a ife sitinaionepo ndi maso, mbidzi ya m'mapiri. Nyamayi siipezeka kuno kwathu ku Mozambique. Kwawo ndi m'dziko la Namibia, kumwera chakumadzulo kwa Angola ndi m'mapiri a ku South Africa. Kumeneko akatswiri a zanyama pamodzi ndi anthu a m'midzi atha zaka zambiri akulondola mbidzizi, kuti adziwe kumene zimapita mvula ikagwa ndi kumene zimathawira chilimwe chikafika povuta. Chimene aphunzira n'chakuti wofuna kusunga nyamayi ayenera kusunga njira yake, ndipo njirayo sangaisunge asanaidziwe.

Si mbidzi imene timaidziwa ija

Mbidzi imene makolo athu ankakumana nayo m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, imene lero alendo amakaiona ku Niassa kapena ku Nyika, ndi mbidzi ya m'chidikha. Ya m'mapiri ndi mtundu wina, ngakhale kuti pataliko zimaoneka zofanana. Ukaiyandikira umaona kuti kumimba kwake n'koyera, mizere siizungulira mpaka pansi. Kukhosi ili ndi kachikopa kolendewera ngati ka ng'ombe, makutu ake ndi ataliatali ngati a bulu, ndipo pamwamba pa mchira pali timizere tifupitifupi topingasa tooneka ngati makwerero. Ziboda zake n'zolimba ndiponso zimakula msanga, chifukwa tsiku lililonse zimaperepeseka pa miyala. Imakwera mtsetse umene munthu angakwere chokwawa.

Mbidzi za m'mapiri zilipo za mitundu iwiri. Ya ku South Africa imatchedwa ya ku Cape, ndipo ndi yocheperako thupi. Ya ku Namibia ndi Angola imatchedwa ya Hartmann, dzina limene inapatsidwa m'chaka cha 1898 pa nthawi imene Ajeremani ankalamulira dziko la Namibia. Iyi ndi yokulirapo, yamphongo imafika makilogalamu 300.

Sizikhala m'magulu a mazanamazana ayi. Banja limakhala la yamphongo imodzi, zazikazi zosaposa zisanu kawirikawiri, ndi ana. Zamphongo zimene sizinapeze banja zimayenda pazokha m'kagulu ka mbeta. Yaikazi imakhala ndi bere chaka chathunthu, n'kubereka mwana mmodzi yekha. Apa ndi pamene pagona vuto. Nyama yoswana pang'onopang'ono chotere ikafa yambiri m'chaka chimodzi, pamatenga zaka kuti ibwerere mwakale.

Ulendo wa chaka ndi chaka

Kuti timvetse ulendo wa mbidzi ya Hartmann, tiyambe taona mmene dziko la Namibia linakhalira. Kumadzulo kuli nyanja ya Atlantic. Ukachoka kunyanjako kulowera kum'mawa umadutsa chipululu cha Namib, cha mchenga ndi miyala, kumene chaka chikhoza kutha osaona dontho la mvula. Kenaka umafika pa mzere wa mapiri ataliatali woyenda kuchokera kumpoto mpaka kumwera kwa dzikolo, ndipo ukakwera mapiriwo umafika kumtunda kumene kuli mafamu a ng'ombe ndi nkhosa. Mbidzi zimakhala m'mapiri amenewa ndi m'munsi mwake. M'munsimo mvula ya chaka chonse imangokhala cha m'ma milimita 100, pamene ku Angónia timalandira cha m'ma 1,000.

Mvula yochepayo imagwa makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo, ndipo imagwa mwa apo ndi apo. Mtambo umodzi ukhoza kukhuthula madzi m'chigwa chimodzi, chigwa chinzake n'kutsala fumbi lokhalokha. Pamene yagwapo, udzu umamera m'masiku ochepa. Apa mbidzi zimatsika m'mapiri kulowera kumadzulo, m'zidikha za m'mphepete mwa chipululu, kukadya msipu watsopanowo ndi kumwa madzi a m'zithaphwi. Ana ambiri amabadwa nyengo yomweyi, pamene mayi ali ndi chakudya chokwanira kuti mkaka utuluke.

Mwezi wa Meyi kapena Juni ukamafika, zithaphwi zauma ndipo udzu wa m'chidikha watha. Mbidzi si ngamila, imafuna kumwa pafupipafupi, makamaka ikamayamwitsa. Choncho zimabwerera m'mapiri kumene kuli akasupe osaphwa obisika m'zigwembe. Madzi akasowa pamwamba, zimafukula mchenga wa m'mitsinje youma ndi ziboda zakutsogolo mpaka madzi atatuluka, monga amachitira amayi athu mumtsinje m'mwezi wa Okutobala. Zitsime zimenezi zimapulumutsanso nyama zina zimene sizitha kukumba.

Ulendowu sufanana chaka ndi chaka, chifukwa mvula ya chaka chino siigwa pamene inagwa chaka chatha. N'chifukwa chake mbidzi ya m'mapiri imafuna dera lalikulu lotseguka. Malo amene yakhala osapondako zaka zisanu akhoza kukhala ndiwo oipulumutsa m'chaka chachisanu ndi chimodzi.

Mfuti ndi mpanda

Ku South Africa, azungu atayamba kutsegula mafamu m'madera a Cape, mbidzi anaziona ngati adani olimbirana msipu ndi nkhosa zawo. Anaziwombera chifukwa cha msipu, zikopa ndi nyama. Mbale wake wa mbidzi wotchedwa quagga anatheratu motero, ndipo womaliza anafera m'malo oonetserako nyama mumzinda wa Amsterdam m'chaka cha 1883. Mbidzi ya ku Cape nayo inatsala pang'ono kutsata njira yomweyo. Cha m'ma 1950 zinatsala pafupifupi 80 zokha pa dziko lonse lapansi.

M'chaka cha 1937 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Mountain Zebra National Park pafupi ndi tauni ya Cradock. Malowo anali ochepa, mahekitala 1,700 okha, ndipo munali mbidzi 6: zamphongo 5 ndi yaikazi imodzi. Pofika 1950 munatsala zamphongo ziwiri basi. Amene anapulumutsa zinthu anali mlimi wina woyandikana ndi pakiyo, yemwe anapereka mbidzi 11 za pafamu pake. Komabe sizinaswane kwenikweni kufikira m'chaka cha 1964, pamene boma linagula mafamu ena oyandikana nawo n'kukulitsa malowo. Mbidzi zitapeza danga lodya pamtunda poyera m'nyengo yotentha ndi kutsikira m'zigwembe zobisika m'nyengo yachisanu, zinayamba kuchuluka. Lero pakiyo ndi ya mahekitala oposa 28,000, ndipo mbidzi zochokera mmenemo anazigawa m'malo ena ambiri. Pofika 2015 mbidzi za ku Cape zinali zitaposa 4,700.

Imeneyi ndi nkhani yabwino, koma ili ndi chilema chake. Mbidzi zonsezi zinachokera ku timagulu titatu tokha totsala, ka ku Cradock, ka ku Gamkaberg ndi ka ku Kammanassie, ndipo pafupifupi zonse zili m'mipanda. Sizingayende zokha kukakumana ndi zinzake. Woweta aliyense amadziwa zimene zimachitika m'khola mmene nkhunzi ikukwera ana ake omwe: mbewu imafooka ndipo matenda savuta kulowa. Motero kuti magazi asakanikirane, anthu amachita kuzinyamula pa malole kuchokera ku mpanda wina kupita ku wina, ntchito yodya ndalama zambiri.

Ku Namibia zinthu zinayenda mosiyanako. Ofufuza amayerekeza kuti cha m'ma 1950 kunali mbidzi za Hartmann zoposa 50,000, koma patangotha zaka 20 zinatsika kufika pansi pa 10,000. Eni mafamu anamanga mipanda m'munsi mwa mapiri ndi kuzungulira akasupe. Mbidzi zikamabwerera kuchokera kuchidikha zinkapeza waya panjira, zina n'kufera pomwepo ndi ludzu, zina n'kuthyola mpandawo, mwini famu n'kutenga mfuti. M'chaka cha 1968 boma linapatula mapiri a Naukluft kuti akhale pothawirapo mbidzi, ndipo mu 1979 malowo anawalumikiza ndi chipululu n'kukhala paki yaikulu ya Namib-Naukluft. Koma ngakhale lero mbidzi zambiri za Hartmann zimakhala kunja kwa mapaki a boma, m'mafamu ndi m'malo a anthu a m'midzi.

Kawayilesi ka m'khosi

Nanga munthu angadziwe bwanji kumene nyama yamantha chotere imapita, m'dziko la miyala lopanda misewu? Njira yoyamba ndi ya lamba wa m'khosi. Dotolo wa zinyama amailasa mbidzi ndi jekeseni yogonetsa kuchokera mu helikopita kapena m'galimoto. Ikagwa amaiphimba kumaso kuti isachite mantha, amaiyeza, amaiveka lambayo, kenaka amaibaya mankhwala ena oidzutsa, ndipo m'mphindi zochepa imadzambatuka n'kuthamangira kwa zinzake. Ntchitoyi imafuna changu, chifukwa nyama yogonetsedwa padzuwa ikhoza kufa ndi kutentha.

Pa lambapo pali kabokosi kokhala ndi batire ndi kawayilesi koulutsa. Malamba akale ankangolira kuti pi-pi-pi pa nambala yakeyake, monga mmene nyumba iliyonse youlutsira mawu ilili ndi malo ake pa wayilesi yanu. Wofufuza ankayenda ndi mlongoti m'manja, kukwera phiri ili ndi ilo kusakasaka kuliraku. Malamba a masiku ano ali ndi GPS. Pakapita maola angapo, kabokosiko kamalemba malo enieni amene mbidzi yaima n'kutumiza uthengawo kudzera pa setilaiti, ndipo wofufuza amaona kadontho pa mapu a pa kompyuta ali muofesi ku Windhoek. Madonthowo akachuluka kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, amajambula njira yonse: pamene inamwa, pamene inagona, pamene inadutsa phiri, ndi pamene inayenda uku ndi uku m'mbali mwa mpanda kufunafuna polowera.

Safunika kuveka nyama zonse. Popeza banja limayenda pamodzi, lamba mmodzi amaulula ulendo wa banja lonse. Kuyambira cha m'ma 2011, ofufuza a ku Minnesota Zoo ya ku America mogwirizana ndi anzawo a ku Namibia anaveka malamba mbidzi zochepa m'chigawo cha Kunene, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo. Anapeza kuti mbidzi imodzi imayenda m'dera la masikweya kilomita mazanamazana, kuti m'dzinja imamwazikira kutali, ndipo m'chilimwe imapanikizika pafupi ndi madzi osaphwa. Kumwera nako, m'dera la Sossusvlei, eni malo ndi akuluakulu a paki anagwirizana kuveka malamba mbidzi pamodzi ndi nyama zina za m'chipululu zotchedwa oryx ndi springbok, kuti aone mipanda imene ikutchinga kwambiri.

Vuto la malamba ndi mtengo. Lamba, helikopita ndi dotolo zimadya ndalama zochuluka, batire nalo limatha. Ndiponso lamba amangonena za mabanja ochepa amene anavekedwa.

Mizere ngati chidindo cha chala

Njira yachiwiri ndi ya zithunzi. Palibe mbidzi ziwiri zofanana mizere, monga mmene palibe anthu awiri ofanana chidindo cha chala chimene timadinda polembetsa chisankho. Pulofesa Morris Gosling wa ku yunivesite ya Newcastle ku England anayamba ntchito yozindikira mbidzi za Hartmann imodziimodzi m'chaka cha 2005, ku Gondwana Canyon Park pafupi ndi chigwa chachikulu cha Fish River, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inafalikira kumadera ena. Pa zitsime ndi pa akasupe amamangirira makamera odzijambulira okha nyama ikadutsa, usana ndi usiku. Mbidzi iliyonse yojambulidwa imapatsidwa nambala malinga ndi mizere yake, ndipo mwa njirayi azindikira mbidzi zikwizikwi.

Ubwino wake ndi wakuti nyama siigwidwa, siibayidwa, ndipo akhoza kuitsata moyo wake wonse. Mbidzi imene inajambulidwa pa kasupe wina mu Marichi ikaonekanso pa chitsime cha famu ina mu Seputembala, ndiye kuti ulendo wake wadziwika. Amadziwanso yaikazi imene yabereka, mwana amene wakula, ndi imene yasowa.

Zithunzizi zimathandizanso kuwerenga. Tiyerekeze kuti mwezi uno mwajambula mbidzi 100 zosiyanasiyana. Mwezi wamawa mwajambulanso 100, ndipo mwa izo 50 ndi zomwe zija munaziona kale. Ndiye kuti ulendo woyamba uja munaona theka la zonse, choncho m'deralo muli mbidzi pafupifupi 200. Chimene chinaonekera poyera ndi chakuti mbidzi zogwiritsa ntchito malo amodzi pa chaka n'zambiri kuposa zimene munthu angaziwerenge tsiku limodzi, chifukwa zina zimalowa, zina zimatuluka. Mwini famu amene amati "mbidzi zanga" amapezeka kuti akugawana nyama zomwezo ndi anansi ake onse.

Buku la alonda a m'mudzi

Njira yachitatu siifuna setilaiti. M'chigawo cha Kunene mumakhala Aherero, Ahimba ndi Adamara, anthu oweta ng'ombe ndi mbuzi amene nawonso amasamuka kutsata msipu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 derali linagwa m'chilala choopsa, pa nthawi imene nkhondo yomenyera ufulu wa Namibia inali mkati ndipo mfuti zinali ponseponse. Nyama zinaphedwa mosasamala, ndipo pofika 1982 mbidzi za m'mapiri za m'deralo sizinkakwana 1,000.

Apa ndi pamene mkulu wina wosamala zachilengedwe, Garth Owen-Smith, anakhala pansi ndi mafumu, mmodzi wa iwo Joshua Kangombe, n'kugwirizana kuti mafumuwo asankhe anthu awo kukhala alonda a nyama. Ena mwa osankhidwawo anali alenje odziwika, anthu odziwa kuwerenga mapazi ndi kudziwa kasupe aliyense. Namibia italandira ufulu mu 1990, inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1996 lopatsa anthu a m'midzi mphamvu pa nyama za m'dera lawo, ngati apanga bungwe, agwirizana malire ndi kusankha komiti. Mabungwe anayi oyamba analembetsedwa mu 1998, ndipo anachuluka mpaka kupitirira 80.

Mlonda aliyense amayenda ndi buku lolembamo zimene waona: nyama zingati, pamalo pati, tsiku liti, mvula inagwa kuti, mkango unagwira ng'ombe ya yani. Kamodzi pa chaka mabungwe onse a m'deralo amawerenga nyama pamodzi, kuyenda misewu yomweyomweyo pa nthawi imodzi. Chiwerengerocho ndicho chimathandiza boma kugamula kuti mudzi ungaphe nyama zingati, zodya kapena zogulitsa kwa alenje olipira. Ndalama zina zimachokera kwa alendo odzaona nyama. M'zaka za m'ma 2000 mbidzi za m'deralo zinali zitapitirira 15,000.

Phindu la kudziwa njira

Mapu a madontho aja si okongoletsera khoma la ofesi. Amathandiza kugamula nkhani zenizeni. Akaonetsa kuti mbidzi zimadutsa pampata wakutiwakuti pakati pa mapiri awiri, eni malo amadziwa chigawo cha mpanda choyenera kuchotsa kapena kutsegula, m'malo mokangana za mpanda wonse. Akaonetsa kasupe amene mabanja ambiri amadalira mu Okutobala, komiti ya mudzi ikhoza kugwirizana kuti pamenepo pasamangidwe khola, ndipo mjigo watsopano ukumbidwe kwina. Mbidzi ndi yamantha, ikaona anthu, agalu ndi ziweto zagona pamadzi, imazungulira kutali ngakhale ili ndi ludzu.

Ku NamibRand, malo aakulu oyandikana ndi paki ya Namib-Naukluft, kale kunali mafamu a nkhosa amene sankapindula chifukwa cha kuuma kwa dziko. Eni ake anaphatikiza mafamuwo n'kuzula mipanda yotalika makilomita mazanamazana, ndipo nyama zinayambanso kuyenda pakati pa mapiri ndi chipululu. Ku Gondwana Canyon Park anachitanso chimodzimodzi.

Kodi nyama imene yatsekeredwa zaka zambiri ingaidziwenso njira ya makolo ake? Yankho linachokera ku Botswana, kwa mbidzi za m'chidikha. Kumeneko mpanda woteteza ng'ombe ku matenda unatseka njira ya pakati pa Okavango ndi Makgadikgadi kuyambira 1968 mpaka 2004. Utachotsedwa, patangopita zaka zochepa, malamba a GPS anaonetsa mbidzi zikuyendanso ulendowo, makilomita oposa 500 kupita ndi kubwera. Papita zaka 36, ndiye kuti mbidzi zimene zinayendapo kale zinali zitafa. Njira ikatseguka, nyama imaipeza.

Chilala ndicho mayeso

Tisaganize kuti nkhondo yatha. M'chaka cha 2019 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa nyama zimene zili pangozi pa dziko lonse, linati mbidzi za Hartmann zikuluzikulu zinalipo pafupifupi 33,000, komabe linazisiya m'gulu la nyama zimene zikhoza kutha. Chifukwa chachikulu ndi chilala. Kuyambira 2013 Namibia inakhala zaka zotsatizana mvula ikuvuta, ndipo mu 2019 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi. Ku Kunene ng'ombe zinafa zochuluka, mbidzi nazo zinachepa kwambiri, ndipo chiwerengero cha nyama zololedwa kuphedwa chinadulidwa. Mu 2024 chilala chinabweranso, chomwe chija chinatipweteka ifenso kuno, ndipo boma la Namibia linalamula kuti nyama zakutchire 723, kuphatikizapo mbidzi 300, ziphedwe kuti anthu anjala apeze ndiwo ndiponso kuti msipu upume.

Pa chilala m'pamene mpanda umapha kwenikweni. M'chaka cha mvula yabwino mbidzi ikhoza kukhala m'famu imodzi osadandaula. M'chaka choipa moyo wake umadalira kuti ifike kumene mtambo umodzi uja unagwetsa madzi, kaya ndi makilomita 50 kaya 100. Koma pa nthawi yomweyo m'pamenenso woweta amaumira mtima, chifukwa udzu umene mbidzi ikudya ndi umene ukanapulumutsa ng'ombe yake yomaliza. Munthu ameneyu sitingamunene kuti ndi woipa. Adzalola mbidzi kudutsa ndi kumwa pokhapokha ngati anakhala nawo pogwirizana za njirayo mvula ili bwino, ndiponso ngati phindu la nyamazo analiona m'nyumba mwake. Kompyuta imaonetsa pamene nyama ikufuna kudutsa, koma chilolezo chimachokera kwa eni nthaka.

Nanga kwathu kuno?

Mbidzi za m'mapiri tilibe, koma kutha kwa nyama tikukudziwa. Ku Gorongosa kunali mbidzi za m'chidikha pafupifupi 3,500 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo nkhondo itatha mu 1992 zinatsala zowerengeka pa zala. Mpaka lero mbidzi ndi imodzi mwa nyama zimene zachedwa kwambiri kubwerera m'pakiyo.

Nzeru yopatsa anthu a m'midzi gawo pa nyama zawo nayo si yachilendo m'chigawo chathu cha Tete. Ntchito ya Tchuma Tchato inayambira ku Bawa, m'boma la Mágoè, cha m'ma 1994, pa mfundo yomweyo yakuti chuma cha m'tchire chipindulire okhala nacho pafupi. Lamulo la dziko lino limati magawo 20 pa 100 alionse a msonkho wochokera ku nkhalango ndi nyama azibwerera kwa anthu a m'deralo. Ndipo anthu a ku Zumbo ndi Mágoè amadziwa bwino kuti njovu zoyenda pakati pa Mozambique, Zimbabwe ndi Zambia sizionetsa chiphaso pamalire. Zili ndi njira zake zopitira kumadzi, ndipo munda wolimidwa panjira yoteroyo umabweretsa misozi chaka ndi chaka.

Zimene achita anzathu a ku Namibia zikutionetsa poyambira. Asanabwere ndi helikopita ndi malamba, anayamba afunsa mafumu ndi alenje akale, n'kuwapatsa buku ndi pensulo. M'midzi mwathu akadalimo agogo amene angakulozereni pamene nyama zinkawolokera mtsinje ndi dambo limene zinkamwera mu Okutobala. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma akulu amenewa sakhala nafe mpaka kale. Mafumu athu ndi makomiti a zachilengedwe angachite bwino kuwafunsa tsopano ndi kulemba zimene anena, kuti pogawa minda yatsopano, pomanga mpanda kapena posankha malo a mjigo, njira za nyama zikhale zikudziwika.